Chitini cha Tiyi

Kalata inabwera itakwinyika m'chikwama cha Nuala,
pakati pa apozi wolumidwa theka ndi sokosi imodzi.
Ndinaiwerenga choimirira, manja akununkhabe nsomba,
poti ku Killybegs mabwato akakocheza sadikira munthu.
Makolo abwere Lachinayi madzulo, inatero,
tidzakambirane za kukula kwa ana, matupi awo, maubwenzi awo.
Ndinaiika pamwamba pa filiji
pomwe ndimaunjika zonse zimene Bríd akanadziwa chochita nazo.
Bríd tinamuika m'manda zaka zitatu zapitazo.

Lachinayi kunagwa mvula yopingasa yochokera kunyanja.
Ndinalowa mochedwa, chikhoti chikudontha.
Mipando ya akulu inali itatha,
anandipatsa kampando ka ana,
mawondo anga n'kufika m'chibwano,
bambo mmodzi pakati pa amayi makumi awiri.

Aphunzitsi a Gildea sanapite m'mbali.
Anatchula ziwalo ndi maina ake
monga ine nditchulira zingwe za padoko.
Anati mwana wodziwa dzina la chiwalo chake
amatha kunena wina akachikhudza.
Mayi wina anadzuka, nkhope ili psuu:
"Izi n'zapakhomo, si zapabolodi."
"Zoona," anayankha aphunzitsi,
"n'chifukwa chake ndakuitanani.
Ine ndimakhala nawo mpaka belu lilire.
Funso lenileni limabwera usiku, magetsi atazima,
ine ndili kwathu."

Kenaka anakhuthula bokosi la nsapato patebulo,
timapepala ta mafunso topanda maina.
Kodi zimapweteka?
Kodi ndingakane azakhali akafuna kundipsompsona?
Bwanji mawu anga akulira ngati chitseko?
Tinaseka, kuseka kwa anthu ogwidwa manyazi.
Kamodzi kanagwera pafupi ndi phazi langa.
Ndinakatola.
Zilembo zopendekera kumanzere, inki yobiriwira
ya cholembera chomwe ndinagula ndekha ku Donegal:
Ngati kunyumba kulibe mayi, munthu amafunsa ndani?

Malovu anauma.
Ine wotumbula nsomba zikwi osaphethira
kapepala kanandilemera m'dzanja.

Anthu atatuluka ndinatsalira,
ndikunamizira kufunafuna makiyi.
Aphunzitsi sanandifunse kanthu.
Anandipatsa kabuku ndi mndandanda wa zokagula kusitolo ya mankhwala,
nati, "Musaloweze pamtima.
Chokukanikani, nenani kuti sindikudziwa, tikafunsa."

Kunyumba Nuala anali atagona, kapena ankangotseka maso.
Ndinakhuthula masamba a tiyi m'chitini chofiira cha mayi ake,
ndinaboola chivindikiro ndi mpeni wa kuntchito,
n'kumatapo mawu:
Funsa muno. Ndiyankha.
Ndikalephera ndikabwereka yankho.

Sabata yathunthu chitini chinali zii.
M'mawa uliwonse ndinkachigwedeza
ngati munthu wosaka ndalama ya basi.
Tsiku lachisanu ndi chinayi munamveka tswa.
Sindikuuzani zimene analemba, n'zake.
Ndinayankha theka, thukuta lili kamukamu.
Theka lina ndinapita nalo kwa mlamu wanga Dympna,
yemwe anandiseka kaye mpaka kutsamwa,
kenaka analira, kenaka anavala nsapato.
Kachidutswa kotsala kanakwera basi ya sukulu Lolemba
m'envulopu yomata bwino.

Mayi anadzuka uja ndinakumana naye pamzere wolipirira,
tonse titanyamula phukusi lofanana.
Anayang'ana langa, ndinayang'ana lake.
"Si amenewo," anatero, "tengani aang'onowo."

Masiku ano timalankhulira m'galimoto popita ku mpira wake,
maso onse kumsewu,
zopukuta galasi zikukankha mvula uku ndi uku.
Chitini chabwerera kusunga tiyi, ngakhale chimalowa chinyezi pabowo paja.
Dzulo, pamphambano ya ku Bruckless, anati,
"Adadi, liwu lija mumalitchula molakwa."
Ndinalitchulanso.
"Ayi," anatero, akuseka mpaka kugunda bondo,
"bwerezani."